Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Saigon itatha anthu

M'gawo lapitali ndinakusiyani nditangopeza chipinda cha lendi ku District 3, m'nyumba ya mayi wina wamasiye amene tonse tinkangowatchula kuti Cô. Ntchito yophunzitsa ana Chingerezi inali itayamba kuyenda, ndipo msewu ndinali nditazolowera kuwoloka: umangoyenda pang'onopang'ono osathamanga, osabwerera m'mbuyo, njinga zamoto n'kumakuzemba zokha. Mzindawu, umene uli ku Vietnam, dzina lake la boma ndi Ho Chi Minh City kuyambira 1976, koma pakamwa pa eni ake ndi Saigon basi. Kalembera wa 2019 anapeza anthu pafupifupi 9 miliyoni.

Januwale wa 2023 atangoyamba, ana m'kalasi anasiya kumva. Ukafunsa funso, yankho lake ndi Tết. Ichi ndi chaka chawo chatsopano, chimene amawerengera potsata mwezi wakumwamba, n'chifukwa chake tsiku lake limasuntha pakati pa kumapeto kwa Januwale ndi pakati pa Febuluwale. Chaka chimenecho chinagwa pa 22 Januwale. Ku China chinali chaka cha kalulu, koma ku Vietnam amaika mphaka pamalo pa kaluluyo, ndiye mzinda wonse unadzaza ziboliboli za amphaka, ena okongola, ena oti mwana akawaona usiku sangagone.

Cô anayamba pa 14 Januwale. Ndinawapeza m'mamawa atayala zipatso ndi maswiti kukhitchini, lubani akufuka. Amenewo amakhala akutsanzikana ndi Ông Táo, mizimu ya pamafuwa, imene amakhulupirira kuti tsiku limenelo imakwera kumwamba kukanena zonse zimene banja lachita chaka chathunthu. Ena amagula nsomba zofiira zamoyo n'kukazitaya mumtsinje kuti mizimuyo ikwerepo. Kuchoka apo kunali kukolopa, kuchapa makatani, kupukuta ziwiya zamkuwa za paguwa la makolo mpaka kuwala. Anandiuzanso mwaulemu kuti lendi ya Febuluwale ndilipiriretu, poti munthu salowa chaka chatsopano ali ndi ngongole, ndiponso sayamba chaka ndi kulonjerera ndalama. Ndinalipira, koma thumba linalira.

Chimene sindidzaiwala ndi mitengo yoyenda pamsewu. Bambo ali pa njinga yamoto, kumbuyo wamangirira mphika waukulu wa mtengo wa maluwa achikasu otchedwa mai, mtengo wautali kuposa iye mwini, ukugwedera uku ndi uku pakati pa magalimoto. Kumpoto, ku Hanoi, amakonda maluwa a pichesi ofiirira. Kummwera kotentha kuno ndi achikasuwa. Mdzukulu wa Cô ananditengera ku Bến Bình Đông, ku District 8, kumene mabwato ochokera kuchigwa cha mtsinje wa Mekong amakocheza atasenza maluwa okhaokha. Ogulitsa amagona m'mabwato momwemo. Mayi wina anali akuphika mpunga kumchira kwa bwato, mwana ali pambali akuthirira miphika ndi kachitini.

Kenako anthu anayamba kutha. Ambiri mwa ogwira ntchito m'mafakitale ndi m'masitolo a Saigon kwawo ndi kuzigawo zina, ndipo Tết munthu amakadyera kumudzi, zivute zitani. Amene munaonako depoti ya mabasi ku Lilongwe pa 24 Disembala mukudziwa chipwirikiti chake, kungoti kuno ndi dziko lonse nthawi imodzi, matikiti a sitima atatha kalekale. Mayi wa khofi wa pakona anatseka. Mnyamata wokonza matayala anatseka. Aphunzitsi anzanga achizungu anakwera ndege kupita kunyanja ku Thailand. Ine ndalama yopitira kwathu ndinalibe, ndipo kumudzi koti ndipite m'dzikomo kunalibe.

Cô sanandifunse ngati ndikufuna kukhala nawo. Anangondipatsa mpeni ndi mulu wa masamba a nthochi. Tinakulunga bánh tét: mpunga womata, mphodza, ndi nyama ya nkhumba yamafuta pakati, zonse kuzikulunga motalika n'kumanga zolimba. Zimawira usiku wonse mumphika waukulu panja, anthu akusinthana kusonkhezera moto. Zanga zinkaoneka zokha, zopindika, ndipo ana anaseka mpaka misozi.

Usiku wa pa 21 tinapita kumsewu wa Nguyễn Huệ, umene chaka chilichonse amautseka n'kuusandutsa munda wa maluwa. Pakati pa usiku makombola anaphulika kutsidya kwa mtsinje wa Saigon. Amenewa ndi a boma. Aja oombera pakhomo anawaletsa kuyambira 1995 chifukwa ankavulaza anthu ambiri. Kwathu inali 7 koloko madzulo. Ndinaimbira mayi anga kuti amve phokosolo, koma iwo nkhani yawo inali kolera, amene anali atachedwetsa kutsegulira sukulu ku Lilongwe ndi ku Blantyre mwezi womwewo. Anandifunsa ngati madzi akumeneko ndikuwiritsa.

Titabwerera kunyumba, ndinatambasula dzanja kuti ndikankhe geti. Mdzukulu uja anandigwira malaya.

"Aphunzitsi, dikirani kaye. Agogo akuti musalowe."

Ndinaima. Mumtima ndinayamba kuganiza zambiri, poti munthu wakuda m'dziko la eni umakhala ndi khutu lina lomvera zinthu zotere. Koma naye mwanayo sanalowe, ngakhalenso amayi ake. Tonse tinangoti ndwii pamsewu. Munthu woyamba kuponda m'nyumba chaka chikangolowa ndiye amabweretsa mwayi kapena tsoka la chaka chonse, ndiye amachita kumusankha pasadakhale, poona chaka chimene anabadwa ndi mmene zinthu zikumuyendera. Cô anali atasankha mphwake wina wa sitolo ya zitsulo, ndipo mkuluyo anachedwa. Atafika ndi njinga yake, analowa akumwetulira, n'kupereka mafuno abwino, ife n'kulondola pambuyo. Mwambowu ine sindiukhulupirira, komabe ndinapumira m'mwamba kuti sindinali woyamba. Bizinesi ya Cô ikanati yagwa mu Juni, maso onse akanakhala pa ine.

Kutacha, ana anafola pamaso pa agogo awo, aliyense kunena mawu ake, n'kulandira envelopu yofiira ya ndalama zatsopano zosapindika. Ine ndinali nditakonzeratu zanga zopatsa anawo. Chimene sindinayembekezere n'chakuti Cô anatulutsa ina n'kundipatsa ine, bambo wandevu zanga, ati m'nyumba mwawo ndine mwana. Tinadya nkhumba yophika ndi mazira m'madzi a kokonati, chakudya chimene tinachibwereza mpaka ndinasiya kuchifuna. Pansi panadzaza makoko a nthanga za mavwende, koma tsache osaligwira, poti kusesa masiku atatu oyambawo n'kusesa chuma.

Masana ndinayenda pakati penipeni pa msewu umene masiku onse ndinkawoloka mtima uli m'mwamba. Msika wa Bến Thành unali wotseka. Kumene ndinapeza khamu ndi kukachisi wa Thiên Hậu ku Chợ Lớn, utsi wa lubani uli tolotolo, maso kuchita kuwawa.

Tsiku loyamba amati n'la kuchimuna, lachiwiri n'la kuchikazi, lachitatu n'la aphunzitsi. Zimene zinachitika lachitatulo, makolo a ana a m'kalasi mwanga atatulukira pageti ndi mabokosi, ndidzakusimbirani m'gawo 15.