Mota ya kireni imapsa ndi chala

Fungo la mota yopsa siliiwalika. Limakhala ngati vanishi wosakaniza ndi tsitsi lowauka, ndipo limakakamira mu ovolosi ngakhale uchape kawiri. Lachiwiri lapitali ndinalimvanso pa fakitale ina ku Kanengo, komwe kireni ya matani 5 inaima mtolo wa zitsulo uli lende m'mwamba.

Ndikufika, abwana anali atagamula kale mlandu. "Amisiri, anyamata angawa amakweza zolemera, ndawauza mpaka ndatopa." Koma mtolowo sunkakwana ndi matani atatu omwe.

Ndinayamba ndaima kaye pansi n'kumaonerera mnyamata wina akuyendetsa kireni inzake. Pofuna kukhazika katundu pamalo pake, ankangogunda batani pang'onopang'ono, dinu, dinu, dinu, kireni n'kumanjenjemera. Ndinawerenga kufika kakhumi ndi kawiri katundu asanakhudze pansi. Matenda ndinawaona pomwepo.

Mota ikamadzuka imakoka magetsi ochuluka, kasanu kapena kupitirira poyerekeza ndi pamene ikuyenda bwinobwino. Kudina kulikonse ndi kudzuka kwatsopano. Kutentha kumaunjikana m'mawaya, pamene fani yoziziritsa ili pa shafuti, chitsulo chozungulira cha mota yomweyo, ndiye mota ikapanda kuthamanga mphepo siilowa. Vanishi wokuta mawayawo amapsa, mawaya amakhudzana, basi. Zonsezi zinalembedwa pa kachitsulo ka pambali pa mota: S4 40%, ndiye kuti m'magawo khumi a nthawi igwire ntchito anayi okha, ndipo pomwepo pali nambala ya maulendo amene ingadzutsidwe pa ola. Kachitsulo ka mota yopsayo kanali katapakidwa penti yachikasu.

Chomwe ndimachipatsa ulemu pa makina amenewa ndi buleki. Imagwira ndi sipuling'i, magetsi ntchito yake ndi kuitsegula. Magetsi akachoka imaluma yokha. Kuno kwathu komwe magetsi amathima osatsanzika, ikanakhala ya mtundu wina bwenzi tikuika maliro mwezi ndi mwezi.

Mtolo uja tinautsitsa pomasula bulekiyo ndi dzanja, pang'onopang'ono, aliyense ataima kutali. Mota yapita kokaiwainda, kukaikulunga mawaya atsopano. Ndinawauza abwana kuti agule VFD, kabokosi komwe kamadzutsa mota mofatsa n'kumulola woyendetsa kutsitsa katundu mwakachetechete osagundagunda batani. Atamva mtengo anayang'ana kudenga kuli kireni, kenako anati tikambirana mwezi ukatha.