Dzino likavuta pa nthawi ya mliri kuno ku Joni

Pa 27 March 2020 dziko la South Africa litatsekedwa chifukwa cha Covid-19, madokotala a mano ankangolandira okhawo amene vuto lawo silikanadikira. Chovuta chinali makina oboolera dzino aja: amapopera madzi, madziwo n'kusakanikirana ndi malovu, nkhungu yake n'kumayandama m'chipinda, dokotala nkhope ili pafupi ndi kamwa la wodwala. Mliri wina wofala ndi mpweya ukadzabwera zidzakhalanso choncho, ndiye tidziwiretu kuti chodikira ndi chiti.

Kupweteka kokha, ngakhale kukugonetseni khale usiku wonse, sikupha. Choopsa ndi kutupa. Mafinya a dzino la m'munsi amatha kutsikira kunsi kwa chibwano, khosi n'kulimba ngati thabwa, lilime n'kukankhidwira m'mwamba mpaka kutseka njira ya mpweya. Mukaona kuti malovu akukanika kumezeka, kamwa silikutseguka kuti mulowe zala ziwiri, kutupa kwafika pa diso, kapena thupi latentha mukunjenjemera, musadikire kuti kuche. Imbani 112 pa foni ya m'manja, kapena pitani ku casualty (kolandirira odwala mwadzidzidzi) ya chipatala chachikulu monga Charlotte Maxeke ku Parktown kapena Chris Hani Baragwanath ku Soweto. Abale amene mapepala sanalongosoke, musabisale m'nyumba: gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu asakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi.

Ngati kutupa kulibe, munthu wamkulu amwe paracetamol, monga Panado wa 500 mg, mapiritsi awiri pa maola 6 aliwonse, osapitirira mapiritsi 8 pa tsiku. Atha kuwonjezera ibuprofen wa 400 mg pa maola 8 aliwonse atadya kaye. Ibuprofen si wa amayi oyembekezera, odwala zilonda za m'mimba kapena impso, ngakhalenso amene amamwa mankhwala osungunula magazi. Chukuchani mkamwa ndi madzi ofunda, theka la kasipuni ka mchere mu kapu imodzi.

Apa tikambe za Grand-Pa, mankhwala a ufa oletsa ululu, poti pa spaza (kagolosale) iliyonse alipo ndipo ambiri timam'dalira. Mu ufa umenewu muli aspirin ndi paracetamol. Kuuthira pa bowo la dzino n'kudzipweteka: aspirin amawotcha nkhama, pofika m'mawa pamakhala chilonda choyera, dzino likupwetekabe. Ndipo mukamwa Grand-Pa pamwamba pa Panado, paracetamol amachuluka m'thupi osadziwa, chovulala n'chiwindi. Makapisozi a amoxicillin otsala kwa mnzanu wa chipinda chimodzi nawonso sathetsa ululu wa mtsempha wa dzino. Gwero lake lili m'kati mwa dzinolo, ndipo limachoka pokhapokha dzino litatsukidwa m'kati kapena kuzulidwa.

Dzino la munthu wamkulu likaguluka lonse, kaya pogwa kaya pa ntchito ya zomangamanga, nthawi ndi yochepa. Ligwireni kumutu, osati ku muzu. Ngati lada, litsukeni pang'ono ndi mkaka osapala, mulibwezere pa malo ake, mulume kansalu koyera. Likakanika, liikeni mu kapu ya mkaka, osati m'madzi kapena m'tishu, mukafike kwa dokotala ola lisanathe. Dzino la mkaka la mwana lokha silibwezeredwa, chifukwa lingawononge lomwe likumera pansi.

Pa nthawi ya mliri, musanapite ku kiliniki ya mano imbani kaye foni. Nenani zoona ngati mukutsokomola kapena kutentha thupi; akuuzani nthawi ndi khomo lolowera. Valani masiki, mupite nokha ngati n'kotheka.

Akakuzulani, lumani thonje lomwe akupatsani kwa mphindi 30 osalisuzumira. Tsiku loyamba musachukuche, musalavule pafupipafupi, fodya mumusiye kaye. Magazi oundana pa bala paja ndiwo chivindikiro cha fupa. Akachoka, ululu umabwerera mwamphamvu pa tsiku lachitatu kapena lachinayi, mkamwa n'kumanunkha, ndipo Panado sathandiza kwenikweni mpaka dokotala atatsukapo ndi kuikapo mankhwala. Magazi akapitirira kutuluka mutaluma kansalu kawiri, bwererani tsiku lomwelo.