Gasi wa makilogalamu 9 amene sankakwana 9

Lesitilanti yanga ili chapafupi ndi depoti ya mabasi kuno ku Mzuzu, ndipo tiyi ndi nsima timaphikira pa gasi. Makala a kuno, ndi mvula yathu yosatha ija, amabwera atanyowa, utsi wokhawokha. Silinda ya makilogalamu 9 ndimaidziwa mmene imathera. Nditayamba kudzazitsa kwa wogulitsa wina wapafupi, gasi anayamba kutha msanga, chikhalirecho makasitomala ndi omwewo, miphika ndi yomweyo.

Poyamba ndinapaka thovu la sopo pa paipi ndi pa regulator, kachipangizo kolumikiza paipiyo ku silinda, kuti ndione ngati penapake pakutuluka mpweya. Panalibe. Ndiye ndinapita pa sikelo. Anthu ambiri sadziwa kuti pa chogwirira cha silinda pamadindidwa nambala, nthawi zambiri ndi zilembo TW, yosonyeza kulemera kwa chitsulocho chikakhala chopanda kanthu. Mukayeza silinda yodzaza n'kuchotsapo nambala imeneyo, chotsalacho ndiye gasi amene mwagula. Ine ndinabwereka sikelo kwa mnzanga wogulitsa nyemba mumsika, ndipo gasi anaperewera ndi kilogalamu yathunthu n'kapamwamba. Ndinakayezanso pa sikelo ya kubutchala kuti pasakhale chonamizira. Zinafanana.

Ulendo wotsatira ndinaumirira lisiti, yolembedwa tsiku, makilogalamu ndi ndalama. Mnyamata wodzaza uja anachita kulifunafuna buku la malisitilo. Nditangochoka ndinayeza, n'kujambula pa foni silinda ili pa sikelo, nambala ya TW ikuoneka.

Kenako ndinakaonana ndi mwini malowo. "Bambo, gasi wanu sakukwana, umboni ndi uwu." Iwo anangoseka. "Mayi, masikelo a mumsika mungawakhulupirire?" Ndinawasiyira kalata yachidule yopempha kuti andidzazire gasi woperewerayo, ina yofanana nayo ndinasunga. Sanayankhe.

Apa m'pamene ndinalembera bungwe la Malawi Energy Regulatory Authority (MERA). Ambiri timaikumbuka pokhapokha ikalengeza mtengo wa petulo ndi dizilo, koma bungweli, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la Energy Regulation Act la 2004, limayang'aniranso magetsi ndi gasi. Ndilo limapereka ziphaso kwa ogulitsa gasi, limaika mtengo umene sayenera kupyola, ndipo limalandira madandaulo a ogula, a pakhomo ngakhale a bizinesi. M'kalatamo ndinalemba dzina langa ndi nambala ya foni, malo amene ndinagula, zimene ndinapeza pa sikelo, ndi chimene ndinkafuna. Ndinaphatikizapo fotokope ya lisiti, zithunzi, ndi kalata ija ndinapatsa mwini malo. A MERA atandiimbira, funso loyamba linali lakuti kodi ndinakadandaula kale kwa wogulitsayo. Kalata yosungidwa ija inayankha yokha.

Chimodzi ndinachimva kumeneko: nkhani ya sikelo ili ndi eni ake enanso. Masikelo a malonda ndi mapampu a mafuta amayesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards, ndipo akatsimikiza amamatapo chizindikiro. Sikelo ya wogulitsa wanga inalibe chilichonse. Kunena zoona, wogula wamba sayenera kuchita kuzungulira maofesi awiri chifukwa cha kilogalamu imodzi, koma kwa ife odzazitsa kawirikawiri kilogalamu imeneyo pakutha pa chaka ndi malipiro a wantchito.

Panapita nthawi ndithu, ndikumaimbanso kukumbutsa. Tsiku lina mwini malo uja anandiitana yekha, ulemu uli tho, n'kundidzazira gasi woperewerayo. Pakhomo pake panali sikelo yatsopano, ndipo tsopano amayeza wogula akuona.

Mayi wa tiyirumu yoyandikana nafe atamva, anabwera ndi bilu yake ya madzi kuti timulembere ku MERA. Madzi sali m'manja mwa MERA. Kuno amachokera ku Northern Region Water Board, ndipo funso la bilu limayambira ku ofesi yawo, utanyamula nambala ya akaunti ndi chithunzi cha mita chosonyeza manambala a tsikulo. Ndinamuuza ayambe watseka mipopi yonse aone ngati mita ikuyendabe, poti paipi yodontha mkati mwa mpanda amalipira ndi mwini nyumba. Anakapeza thanki ya kuchimbudzi ikutaya madzi usiku wonse.