Tidakaona ku Minnesota momwe lamulo limatsatirira mwana wosamva Chingerezi

Paulendo wosinthana aphunzitsi tidali anthu 8, ndipo sabata yachiwiri adatitumiza ku sukulu ina ya pulayimale mumzinda wa Saint Paul ku Minnesota, m'dziko la America. Za kuzizira ndisanene zambiri. Jekete yomwe ndidagula pa kaunjika ku Lilongwe idagonja tsiku loyamba lomwelo.

Ine ndi mnzanga wa ku Rumphi adatiika m'kalasi mwa mayi wina yemwe ntchito yake ndi yophunzitsa Chingerezi ana omwe kwawo amalankhula zina. Tidapeza ana 6 atazungulira katebulo, ena Achisomali, ena Achihmong (mtundu wa anthu ochokera ku Asia), wina wolankhula Chisipanishi. Pashelefu padali mafayilo, mwana aliyense yakeyake. Mnzangayo adafunsa mwanthabwala ngati tili ku sukulu kapena ku chipatala.

Mayiwo adaseka, n'kutifotokozera kuti mafayilowo sasunga mwa kufuna kwawo. Kholo likamalembetsa mwana limayankha mafunso a chilankhulo cha kunyumba. Chikakhala kuti si Chingerezi, mwanayo amamuyesa. Akapezeka kuti akufunika thandizo, sukulu iyenera kudziwitsa makolo pasanathe masiku 30 chaka cha sukulu chiyambireni, komanso m'chilankhulo chomwe makolowo angamve. Makolo ali ndi ufulu wokana thandizolo, koma mwanayo amalembabe mayeso a chaka ndi chaka oona kumva, kulankhula, kuwerenga ndi kulemba kwake. Ku Minnesota mayesowa ndi a ACCESS. Zambiri mwa izi zili m'lamulo la Every Student Succeeds Act, lomwe Barack Obama adasayina mu 2015.

Chomwe chidandikhudza ndi komwe zidachokera. Ku San Francisco ana pafupifupi 1,800 olankhula Chitchaina ankangokhala m'kalasi osamva kanthu, mpaka nkhani idafika ku khothi lalikulu la dzikolo. Pamlandu wa Lau v. Nichols mu 1974, khothi lidati kupatsa ana onse mabuku amodzimodzi ndi mphunzitsi mmodzimodzi si chilungamo ngati ena sakumva chilankhulo chophunzitsiracho. Mu 1982, pamlandu wa Plyler v. Doe wochokera ku Texas, lidaletsanso kukaniza mwana sukulu chifukwa choti alibe zikalata zokhalira m'dzikomo.

Musaganize kuti mayiwo ankangotamanda. Adadandaula kuti nyengo ya mayeso imawadyera masabata omwe akadaphunzitsa, ndipo tidaona ndi maso athu akudya nkhomaliro uku akudzaza mafomu pa kompyuta.

Madzulo ku hotelo tidakangana mpaka tiyi kuzizira. Wina adati izi n'za mayiko a ndalama, ife tili ndi ana oposa 100 m'kalasi imodzi. Sadaname. Koma ine ndimaphunzitsa ku Mangochi, komwe ana ambiri amafika Sitandade 1 akulankhula Chiyao chokha, pomwe lamulo lathu la maphunziro la 2013 limati chilankhulo chophunzitsira ndi Chingerezi. Mwana wotere ngakhale Chichewa chimamuvuta, ndiye ife timangoti ndi wouma mutu.

Nditabwerera ndidapempha ahedi kuti andilole kuwonjezera mzere m'rejisitala wolembamo chilankhulo cha kunyumba. Ndikufunsa mmodzimmodzi, kamtsikana kena komwe kadakhala chete teremu yonse kadangondiyang'ana. Mnzake atakamasulira m'Chiyao, kadayankha, n'kuwonjezanso nkhani yaitali ya mbuzi ya agogo ake yomwe idabereka mapasa.