Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Mmene ndinadziwira a Charles Kao

Nditachoka pa ntchito yokoka mawaya a kopa imene ndinakamba m'gawo lapitalo, anandiika m'gulu lolumikiza zingwe za fayiba. Ntchito imeneyi imafuna manja odekha. Umasenda pulasitiki wa pamwamba, kupukuta galasi ndi sipiriti, kulidula mowongoka, kenako makina amawotcherera nsonga ziwirizo. Galasilo ndi lopyapyala ngati tsitsi, ma micron 125 (micron imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), ndipo kanjira ka pakati kodutsa kuwala ndi ma micron 9 okha.

Mkulu wa gulu lathu anali bambo wachikulire wosakonda zolankhulalankhula. Akaona wina akupukuta mothamanga ankangoti, "Mwana wanga, kalitsiro kamodzi kamadya kuwala." Tsiku lina ndinawafunsa kuti, "Bambo, kodi kuwala kumadyedwa bwanji?" Anandiuza kuti ndikawerenge za a Charles Kao, ndiye tidzakambirane.

A Kao anabadwira ku Shanghai mu 1933, anakulira ku Hong Kong, n'kukaphunzira zamagetsi ku London. M'zaka za m'ma 1960 ankagwira ntchito ku Standard Telecommunication Laboratories ku Harlow, m'dziko la England. Laser, chipangizo chotulutsa kuwala kowongoka kwa mtundu umodzi, inali itangotulukiridwa kumene mu 1960, ndipo anthu ankadziwa kuti kuwala kungathe kunyamula mauthenga ochuluka kuposa waya. Chosowa chinali njira yodutsamo. Galasi la nthawiyo linkataya kuwala koopsa: pa mamita 20 okha, pankatsala gawo limodzi mwa magawo 100. Akatswiri ambiri anali atagwa nalo mphwayi.

Mu 1966 a Kao ndi anzawo a George Hockham anatulutsa kafukufuku wawo m'magazini ya Proceedings of the IEE. Ndinalipeza pepalalo ndipo masamu ake ambiri anandipitirira, koma mfundo yake ndinaimva. Iwo anati kuwala kukuthera pa zinyalala zosakanikirana m'galasimo, makamaka chitsulo, ndipo galasi loyeretsedwa bwino lingataye zosakwana madesibelo 20 pa kilomita (desibelo ndi muyezo wa kuwala kotayika). Kutanthauza kuti gawo limodzi mwa 100 lija lizifika pa kilomita yathunthu m'malo mwa mamita 20. Galasi lotere panalibe amene anali atalipanga. Anangowerengera kuti n'zotheka.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi zimene anachita pepalalo litatuluka. Sanakhale mu ofesi kudikira kuti anthu awatchule m'mabuku. Anapitiriza kuyeza magalasi osiyanasiyana, ndipo mu 1969 iwo ndi anzawo anaonetsa kuti galasi loyera la silika, chinthu chopezeka mumchenga, lili ndi kuyera kofunikako. Anayendera mafakitale ndi malabu ku America ndi ku Japan kukopa opanga magalasi, ena akuwakayikira. Mu 1970 akatswiri atatu a kampani ya Corning, a Robert Maurer, a Donald Keck ndi a Peter Schultz, anapanga fayiba yotaya madesibelo 17 pa kilomita. Mu 1988 chingwe cha fayiba chotchedwa TAT-8 chinadutsa pansi pa nyanja ya Atlantic. Fayiba imene ndimalumikiza ine lero imataya pafupifupi madesibelo 0.2 pa kilomita, ndiye kuti kuwala kokwana magawo 95 mwa 100 kumafika pa kilomita iliyonse.

Kuyambira mu 1987 mpaka 1996 a Kao anatsogolera Chinese University of Hong Kong. Mphotho ya Nobel ya fizikisi inabwera mu 2009, patatha zaka 43 kuchokera pa pepala lija. Theka linali lawo, theka linalo la a Willard Boyle ndi a George Smith amene anatulukira kachipangizo ka CCD ka m'makamera. Apa mtima wanga umawawa. Pofika nthawiyo a Kao anali akudwala matenda oiwala a Alzheimer's, moti ku Stockholm, kumene mphothoyi imaperekedwa, nkhani yawo inawerengedwa ndi akazi awo, mayi Gwen Kao. Ine ndimaona kuti ulemuwo unachedwa. Anamwalira ku Hong Kong mu 2018.

Nditabwerera kwa mkulu wathu ndi zonsezi, anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anandifunsa chifukwa chake timatumiza kuwala kwa mafunde otalika ma nanometer 1550 (nanometer imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a micron) pa mitunda italiitali. Yankho ndinalibe. Anandifotokozera kuti pamenepo ndi pamene galasi la silika limataya kuwala kochepetsetsa, ndiponso kuti zipangizo zokuzira kuwala zokhala ndi chitsulo chotchedwa erbium, zimene gulu la a David Payne linaonetsa ku Southampton mu 1987, zimagwira ntchito pomwepo. Anawonjezera kuti, "Iwe uli ndi mafunso. Ubwerere kusukulu usanakalambe."

Chaka chomwecho ndinalembetsa maphunziro a madzulo a fizikisi, masana ndikulumikizabe zingwe. M'gawo lotsatira ndidzakamba za labu ya sukuluyo, ndi za mphunzitsi amene anandilola kuyatsa laser koyamba.