Sabata yachisanu ndi wezulo: atatu kapena awiri?

Loweruka lapitali ndinalakwitsa, ndipo ndikulemba pano kuti ndisadzabwerezenso. Tinali pa bwalo lasimenti, masewero a basketball a anyamata a kwathu kuno, ine ndikuyimbira. Wina anaponya ali kunja kwa mzere wa mapointi atatu. Wotchinga, ataima mkati mwa mzerewo, analumpha n'kuukhudza ndi nsonga za zala mpira ukadali kukwera. Unapotoka pang'ono, koma pyoo! m'ringi. Ine ndinakweza zala ziwiri, poganiza kuti amene waukhudza komaliza anali mkati.

Popuma, mkulu amene akundiphunzitsa kuyimbira anandikokera pambali. “Mphwanga, mapazi a woponya anali pati?” Ndinati kunja. “Nanga wawabera bwanji pointi imodzi?”

Usiku ndinatsegula malamulo a FIBA, bungwe loyendetsa basketball padziko lonse, pa foni, gawo 16. Amanenadi kuti chimawerengedwa ndi malo amene mpira wachokera m'manja mwa woponya. Mzerewo uli mamita 6.75 kuchokera pansi pa pakati pa ringi, ndipo chala chaphazi chikaponda mzere, mapointi ndi awiri basi. Kukhudza kwa wotchinga mpira ukamakwera sikusintha kanthu. Akaukhudza ukutsika kale, wonse uli pamwamba pa ringi, walakwa, ndipo woponya amapatsidwa mapointi ake ngakhale mpira usalowe.

Chimene chinandiseketsa n'chakuti ngakhale munthu amafuna kupatsira mnzake, mpira n'kudzilowera wokha kuchokera kunja kwa mzere, ndi atatu ndithu. Lamulo silifunsa za mumtima. Koma poponya kuchokera kunja kwa bwalo poyambitsanso masewero, ukalowa osakhudza aliyense palibe chigoli, mpira umapita kwa timu inayo.

Za kudzigoletsa mwangozi ndinkazidziwa kale: awiri, olembedwa pa kaputeni wa timu inayo amene ali m'bwalo.

Chondivuta tsopano ndi maso. Mutu umadziwa, koma maso amathamangira mpira m'mwamba, kusiya mapazi. Ndiye sabata ino ndakhala ndikuonera masewero akale pa YouTube mawu nditatseka, ndikuyang'ana nsapato zokhazokha. Woponya akangonyamuka ndimakweza dzanja limodzi zala zitatu, mpira ukalowa ndikweza onse awiri. Mlongo wanga anandipeza pabalaza manja ali m'mwamba, ndekhandekha, n'kufunsa ngati ndalowa mpingo watsopano.

Loweruka likudzali andipatsa kuyimbira kota ziwiri zoyambirira.