Galaja yathu ya injini zakale pa Dedza

Galimoto zimene timakonza ife ndi zomwe ena anazitaya kale: ma Land Rover a Series, ndi tima Nissan 1400 tonyamula kachewere ku Bembeke ndi ku Lizulu. Galajayi ili pa boma pa Dedza, kufupi ndi msewu wa M1. Anaiyambitsa ndi malume anga, ine ndinkangowapatsira masipanala, mpaka maso atayamba kuwavuta anandisiyira.

Poyamba tinkangosintha maring'i ndi magasiketi. Koma injini ikakalamba mabowo a masilinda amadyeka. Ukalowetsa chala umamva kamzere kotukuka kumtunda kwa bowo, pomwe ring'i imalekezera. Zikafika apo maring'i atsopano ndi kutaya ndalama, utsi wabuluu sutha. Ndiye tinayamba kukuza mabowo n'kuikamo mapisitoni aakulupo. Makina ake tilibe, buloko, lomwe ndi thupi la injini lokhala ndi mabowowo, timaitumiza ku Lilongwe. Mapisitoniwa amabwera mokula ndi 0.25, 0.50, 0.75 kapena 1.00 mm, ndipo timayamba tagula pisitoni kuti wokuza bowo ayezere pa iyoyo.

Makasitomala ambiri amafika akuti, "Amisiri, ikeni yaikulu kwambiri, izithamanga." Ndimawakaniza. Milimita imodzi mphamvu yake ndi yochepa, koma khoma la silinda limapyapyala, injini imatentha msanga, ndipo ikadzadyekanso bulokoyo yatha ntchito.

Kuno chimene galimoto imafuna ndi kukoka. Dedza ndi pamtunda, mpweya ndi wopepuka, ndipo aliyense amene anakwerapo Khwekhwelere kuchokera ku Golomoti atasenza matumba amadziwa mmene injini imalirira pa giya yachiwiri. Apa m'pamene timalowera ku kiranki, chitsulo chozungulira chimene mapisitoni amakankha, kutalikitsa ulendo umene pisitoni imayenda pokwera ndi kutsika. Opanga Land Rover anachita zomwezi: injini ya 2286 cc anaifikitsa pa 2495 cc osakhudza bowo la 90.47 mm, anangochotsa ulendo pa 88.9 mm kufika pa 97 mm. Kiranki ya injini ya 2495 cc ija imafuna buloko ya mabeyaring'i asanu, ya atatu ija musavutike nayo. Mapisitoninso amayenera kukhala ake, chifukwa akale angakwere mamilimita 4 kupitirira malo awo n'kukagunda mutu wa injini. Tisanamange timazungulitsa kiranki ndi manja, khutu lili pa buloko, kumvetsera ngati pali pokhula.

Ntchitoyi ilibe phindu la msanga. Zipangizo zambiri zimachokera ku South Africa, ndipo kwacha ikagwa mtengo umene tinagwirizana ndi mwini galimoto umasanduka nkhani. N'chifukwa chake masiku ano ndalama ya zipangizo timalandiriratu. Radiyeta yotsekeka sitiilola kubwerera pa injini yomangidwa kumene, ngakhale mwini wake adandaule bwanji. Makilomita 1,000 oyamba timati osadzaza katundu, kenako abwere tisinthe oyilo. Ambiri amabweradi, koma matumba ali tho kumbuyo.